Mbale Yopanda Mapepala

Fanny anafika Lachinayi m'mawa, chisanu chikadali mbuu pa magalasi a galimoto za mumsewu wa ku Gorton. Asimenye atatsegula chitseko anamupeza ataima ngati munthu wobwera kudzanena maliro, manja opanda magolovesi, milomo itauma.

"Anti, mbale yasowa. Akuti ndaba ndine."

Asimenye anali atagwira unesi zaka makumi awiri ndi zisanu, khumi ku Lilongwe, zotsalazo kuno ku Manchester, ndipo anasiya kalekale kufunsa mafunso munthu wonjenjemera ali chiimire. Anamukokera kukhitchini, kumukhazika pafupi ndi hita, n'kumupatsa tiyi wa shuga wambiri.

"Yambira poyambira. Usalire, misozi imandichedwetsa."

Nkhani yake inali yotere. Fanny ankasamalira nkhalamba ya chizungu ku Didsbury, a Holroyd, mphunzitsi wopuma amene sitiroko inawapha mkono ndi mwendo wakumanzere. M'kabati yawo yagalasi munkakhala mbale ziwiri zadothi zochokera ku America, ina yatsopano, ina ya zaka mazana asanu ndi limodzi. Yakaleyo ndiyo inasowa. Mwana wa nkhalambayo, Gillian, anazindikira dzulo lake. Mawa Lachisanu masana kumabwera anthu a kunyumba yosungira zinthu zakale kudzailongedza kuti ibwerere kwa eni ake. Ikapanda kupezeka pofika nthawi imeneyo, Gillian aitana apolisi.

"Chifukwa chiyani akuloza iwe?"

"Mayi wa nyumba yoyandikana akuti anandiona Lachiwiri cha m'ma hafu teni ndikutuluka ndi kamtolo."

"Unali kuti hafu teni?"

Fanny anayang'ana m'kapu. "Lachiwiri, Anti. Ndinali kosaina."

Asimenye anakhala pansi. Apa ndi pamene nkhani inavunda. Fanny anapempha malo othawirako zaka zinayi zapitazo ndipo yankho linali lisanabwere. Munthu wodikira yankho saloledwa kugwira ntchito. Sabata ziwiri zilizonse, Lachiwiri, amayenera kukaonekera ku ofesi ya ku Salford ndi kusaina. Kuti adye, Fanny ankagwira ntchito ndi dzina komanso mapepala a Edwina, mayi wa kutchalitchi kwawo, mkazi wa Dunstan woyendetsa takisi. Ku ejensi yolemba osamalira odwala anali Edwina. Kwa a Holroyd anali Edwina. Tsiku losaina ankawamwetsa mankhwala nkhalamba ija, kuwafunditsa pampando, kulemba m'buku kuti alipo, n'kuthamangira basi. A Holroyd ankagona mpaka masana.

"Ndiye kuti umboni uli nawo," anatero Asimenye. "Mbale ikutuluka m'nyumba, iwe uli pamzere ku Salford, makamera akukujambula."

"Fanny ndiye anali ku Salford, Anti. Edwina anali pantchito. Ndikawauza apolisi kuti onsewo ndine, sabata yamawa ndili m'ndege."

Kumudzi ku Ntcheu kunali mwamuna amene anamusiyira chipsera cha ayironi pakhosi, ndipo mwamunayo anali wamoyo. Mvula ikakuona litsiro sikata.

"Ndiyang'ane kuno. Unaba?"

"Anti, mbale ija anachita kuifukula kumanda. Inali pamutu pa munthu wakufa. Ine n'kuigwira? Kabati yake yomwe ija ndimailambalala."

Asimenye anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anavala jekete.

"Usatuluke. Foni ikalira, ngati si ine, usayankhe."

* * *

Gillian anatsegula chitseko foni ili kukhutu. Anali mayi wamtali wotopa, wolankhula Chingerezi chothamanga ngati munthu woti sitima ikumusiya. Asimenye anadzitchula kuti ndi azakhali a Edwina, komanso nesi. Mawu akuti nesi ndiwo anamulowetsa.

"Ine sindikufuna kuwononga moyo wa munthu," anatero Gillian. "Ndikufuna mbale. Zonsezi n'chifukwa choti bambo anga akukakamira kukhala okha muno. Malo ndinawapezera kale kunyumba ya okalamba ku Stockport. Akukana. Dokotala akuti mutu wawo uli bwino, ndiye sindingawakakamize."

"Mutu wanga uli bwino kuposa wako," anatero mawu ochokera pabalaza. "Ndipo makutu anga ndi abwino kuposa mutu."

A Holroyd anali pampando pafupi ndi zenera, bulangete pamaondo, mawu akutulukira mbali imodzi ya pakamwa. Nyumba yonse inkanyezimira. Asimenye anadziwa dzanja la Fanny: pansi pa hita popanda kachitsotso, zogwirira zitseko zowala ngati zatsopano. Kabati inali pakona. Pa shelefu yapakati panali mbale imodzi yachikasu, yotakasuka, mkati mwake mutajambulidwa phiko la mbalame lopindika, lakuda ndi lofiira.

"Ndingaigwire?"

"Imeneyo gwirani. Ndi mdzukulu. Agogo ake ndiwo asowa."

Asimenye anaitenga ndi manja awiri. Zala zake zinakumbukira zokha. Mayi ake ankaumba mbiya ku Kaporo, ndipo iye ali mtsikana ndiye ankaponda dothi. Anayendetsa chala mkati mwa mbale ndipo anamva timizere tobisika pansi pa kusalala.

"Iyi sanaumbire pamakina. Anapota dothi ngati chingwe, n'kumasanja mozungulira. Kenaka anakulungiza ndi mwala wa kumtsinje." Anaigogoda ndi chikhadabo. Inalira bwino. "Anaotchera chiyani? Si nkhuni izi."

Diso la nkhalamba lija linawala. "Ndowe za nkhosa. Gillian, wamva? Zaka makumi anayi m'nyumba muno palibe anandifunsapo funso limeneli."

Gillian anatuluka kukayankha foni ina, ndipo a Holroyd anafotokoza mopumira. Anthu amene anaumba mbale yatsopanoyo ndi Ahopi, okhala pamwamba pa mapiri afulati m'chipululu cha Arizona. Makolo awo akale, amene azungu amawatcha Apueblo, ankaumba mbale zachikasu zotere n'kumaziotcha ndi malasha, ndipo munthu akamwalira ankamuika ndi mbale ya chakudya cha paulendo. Midzi ina inasanduka mabwinja, maluwa a pambale anayamba kuiwalika. Kenaka kunabwera azungu ndi mafosholo. Amayi a Chihopi anatola mapale amene ofukulawo ankataya, n'kuyambanso kujambula mbalame za agogo awo, utoto wake wa masamba owiritsa ndi mwala wopera, burashi yake tsamba la chomera chonga khonje lotafuna kunsonga.

"Agogo anga anali wamalonda a thonje. Anagula mbale yakaleyo kwa mmodzi wa ofukula manda aja. Ine ndinapitako mu 1971 ndi chithunzi chake m'thumba, ndikudzimva. Ndinamuonetsa mayi amene anaumba iyi mwagwirayi. Anachiyang'ana, n'kundifunsa kudzera mwa mwana wake kuti, ‘Nanga mwini wake akudyera pati?’ Ndakhala zaka makumi anayi ndikusowa yankho. Mawa ndimati ndiyankhe."

Asimenye anabweza mbale ija, koma sanatseke kabati. Anaweramira pa shelefu. Gillian atabwerera anamupeza akuonetsa chala chakuda bii.

"Mumati mwana wa mchimwene wanga amapukuta muno?"

"Lachisanu lililonse. Zili pa ndandanda yake."

"Fumbi ili ndi la chaka ndi theka."

A Holroyd anaseka mpaka kutsokomola. "Kuyambira tsiku limene ndinamuuza kumene mbaleyo inachokera. Amadutsa apa atazyolika ngati wakumana ndi apongozi."

Pafumbipo panali bwalo loyera pamene panakhala mbale yakale. M'mbali mwa bwalolo munalibe chizindikiro cha chala, koma mkwasa wa nsalu. Gillian anati thaulo lopukutira mbale lakukhitchini, la mizere yobiriwira, nalonso silikuoneka.

"Wakuba wochenjera," anatero Gillian. "Anaopa kusiya zidindo za zala."

Asimenye anapendeketsa chitseko cha kabati kuti kuwala kwa pazenera kugwe pagalasi. Panali chikhatho chathunthu, zala zisanu, chamafuta odzola. Munthu ameneyu sankaopa apolisi. Ankaopa mbale.

* * *

Mayi Doyle a nyumba yoyandikana anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, galu mmodzi ndi zenera la m'chipinda cham'mwamba limene linkaona msewu wonse. Sanafune kufunsidwa kawiri.

"Ndimamukonda Edwina, mwana wabwino, amanditulutsira mabini bondo likandivuta. N'chifukwa chake sindinagone. Koma zimene ndinaona ndinaona, wokondedwa. Hafu teni, pulogalamu yanga ya zophika itangotha. Yunifolomu yabuluu, jekete lakuda."

"Nkhope munaiona?"

"Anali atavala chipewa cha jekete. Koma angakhalenso ndani? Anatsegula kabokosi ka makiyi pakhomo osavutika, manambala akuwadziwa. Ndinangoganiza kuti anapita kusitolo."

"Anatuluka ndi chiyani?"

"Kamtolo, m'thaulo. Anakanyamula chonchi." Mayi Doyle anatambasula manja kutali ndi chifuwa, ngati munthu wonyamula thewera. "Anakaika pa kampanda ka pageti. Kenaka anachita chinthu chimene ndinamuuza Gillian koma sanamvetsere. Anabwerera. Osati m'nyumba, ayi. Anapita pa mpopi wa panja, wothirira maluwa uja. Mu Januwale! Madzi ake odula zala. Anasamba m'manja mpaka m'zigongono, kumaso, kenaka anavula nsapato n'kuthira kumapazi. Ndinati, Mariya woyera, m'khitchini muli madzi otentha, mwana ameneyu wapenga?"

Asimenye anamva kuzizira kumene sikunali kwa Januwale. M'maganizo anaona beseni la madzi kumudzi, panjira yochokera kumanda, anthu atandanda, aliyense akusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi asanayandikire nyumba. Palibe mzungu angachite zimenezo. Palibe wakuba wa mumzinda muno angataye mphindi zitatu pa mpopi, mbale yodula chotero ili pa kampanda.

Atafika pa siteji ya basi anaimba foni.

"Fanny, manambala a kabokosi ka makiyi anakupatsa ndani?"

"Ejensi imatumiza zonse pa foni ya a Edwina. Iwo amanditumizira ine."

"Za mbale ija unawauzapo?"

"Ndinawapempha kuti andipempherere, Anti. Ndinkalota zoipa. Ndinawauzanso zimene Gillian ananena, kuti ikhoza kugula nyumba. Tinaseka."

"Ndipo masiku ako osaina amawadziwa."

"Amandikumbutsa ndi iwo." Mawu a Fanny anachepa. "Anti, a Edwina ananditola ndikugona pa siteshoni. Lachiwiri m'mawa amakhala ku mapemphero a amayi."

"Usatuluke," anatero Asimenye, n'kudula.

* * *

Dunstan anamupeza pamzere wa matakisi ku Longsight, akudya tchipisi m'galimoto, hita ili pamwamba. Anali munthu wonenepa, wokonda kuseka asanamalize nthabwala yake.

"A Sisitala! Lowani, lowani. Mwabwera kudzandiyeza shuga? Tchipisi ichi si changa, ndikumusungira mnzanga."

"Mnzanuyo afa msanga. Akazi anu, mayi a Kondie, ali bwanji? Amayi a kutchalitchi akudandaula kuti Lachiwiri sanaoneke ku mapemphero."

Kunena zoona, Asimenye anali asanafunse mayi aliyense. Anangoponya mwala pathengo kuti aone chimene chituluke.

"Aa, Lachiwiri anandilanda galimoto yaing'ono ija, akuti akukaona wodwala ku Didsbury. Yunifolomu ndi yunifolomu, ngakhale anali pa ofu. Ine sindifunsa, Sisitala. Mwamuna wofunsa mafunso amagona ndi njala." Anaseka, kenaka nkhope inagwa pang'ono. "Komatu muwayezeko. Kuyambira tsiku lomwelo sindikuwamvetsa. Akusala kudya. Usiku akudzuka kumapemphera mokweza. Ana awaletsa kusewera kuseri kwa nyumba, akuti kuli makoswe. Ine amene, fodya wanga ndimasutira kuseriko zaka khumi, pano akuti ndizikasutira kumsewu ngati mbava. Dzulo ndinapeza mchere atawaza pakhomo la kukhitchini. Ndinati mayi, khonsolo imathira kale mchere mumsewu wosungunulira chisanu, inu mukuwathandiza?"

"Makoswewo munawaona?"

"Ngakhale mchira."

"Ali kunyumba pano?"

"Ali konko. Ndikuperekezeni? Kwa inu mita ndizimitsa."

"Malizani tchipisi cha mnzanu."

* * *

Edwina anamulandira ndi kumwetulira kwa pa Sabata. Anali mayi wokongola, wa mawu otsogolera kwaya, Baibulo lili lotsegula pa tebulo la m'khitchini.

"Mlongo wanga mwa Ambuye. Ndamva za Fanny. Mtima wanga ukuwawa. Munthu umamutola, kumusambitsa, kumubwereka dzina lako lenileni, iye n'kukalipaka matope."

"Mwamva kwa yani?"

"Ejensi inandiimbira. Paja foni ndi yanga."

"Lachiwiri munali kuti, mayi a Kondie?"

"Pa maondo anga, ndi amayi anzanga."

"Amuna anu akuti munali ku Didsbury."

Kumwetulira kuja sikunachoke, kunangouma. Asimenye sanadikire tiyi. Anadutsa pafupi ndi tebulo, kudumpha mzere wa mchere, n'kutsegula chitseko cha kuseri.

"Kuli makoswe kumeneko."

"Ndinakulira kumudzi."

Kuseriko kunali kabwalo ka simenti, mabini atatu, njinga ya mwana yadzimbiri ndi chingwe choyanikira. M'nyumbamo munali malo zana obisapo mbale: pamwamba pa wadirobu, pansi pa bedi, m'sutikesi ya zitenje. Mzungu akanaisunga m'menemo, pouma ndi pofunda. Koma chinthu cha kumanda sichigona denga limodzi ndi ana ako. Asimenye anayang'ana pakona ya kutali kwambiri ndi chitseko. Panali ndowa yovundikira, njerwa pamwamba pake.

Anachotsa njerwa, n'kutukula ndowa.

Thaulo la mizere yobiriwira linali litauma gwa ngati chikopa. Mvula ya Lachitatu inayenda pansi pa ndowa, thaulo linamwa, ndipo usiku chisanu chinagwira. Asimenye anagwada pa simenti n'kuyamba kumatula pang'onopang'ono, akuuzira mpweya wa m'kamwa. Mbale inaonekera. Inali yopepuka kuposa mdzukulu wake, chikasu chake chozama ngati dzungu lakupsa, phiko lomwe lija, mbalame yomwe ija, koma dzanja lojambula linali lolimba mtima kwambiri. Kuchokera pamlomo mpaka pakati panadutsa mng'alu watsopano, woyera mkati, madzi oundana akadali m'menemo.

Anaigogoda ndi chikhadabo. Inangoti phu.

Zaka mazana asanu ndi limodzi, manda, sitima ya pamadzi, mabomba a nkhondo, zonsezo inapirira. Inadzafera pansi pa ndowa ku Longsight.

"Bwanji simunagulitse?" anafunsa osatembenuka.

Edwina anali pakhomo, kumbuyo kwa mzere wa mchere, manja atapinda. Mawu a pa Sabata anali atatha.

"Ndinapita nayo dzulo kwa mzungu wina wogula zakale m'tauni. Anangosuzumira m'thaulo n'kufunsa mapepala oonetsa kumene yachokera. Nditati ndilibe anandilozera chitseko. Dziko lino ngakhale mbale imafuna mapepala."

"Munadziwa kuti Fanny sangadziteteze. N'chifukwa chake munasankha Lachiwiri."

"Zaka khumi ndi ziwiri ndikupukuta nkhalamba za azungu, Sisitala. Msana unatha. Iwo anakaba kumanda, akutchedwa ophunzira. Ine ndatenga m'kabati, ndine mbava?"

"Sindikunena za azungu. Ndikunena za Fanny."

"Fanny akudya chifukwa cha dzina langa." Edwina anatsitsa mawu. "Mverani. Tengani chinthu chanucho, ndatopa nacho, sindikugona. Koma mukatchula dzina langa kwa munthu aliyense, ine ndikauza apolisi kuti mtsikana ameneyu anaba mapepala anga m'dirowa. Ine ndili ndi pasipoti yofiira ya dziko lino ndi ana atatu obadwira kuno. Zikavuta bwanji ndikagona miyezi ingapo n'kubwerera m'nyumba mwanga. Iye akagona kuti?"

Asimenye anavula sikafu yake, kukulunga mbale, n'kuikumbatira pachifuwa ngati khanda. Anaona maso a Edwina akutuzuka poona kuti waigwira ndi manja. Podutsa pakhomo anaima.

"Mchere wanu mwawaza mbali yolakwika. Choipa chili mkati."

* * *

M'basi anaganiza mpaka mutu kuwawa, koma njira sinaoneke. Akanena zoona, Fanny wapita. Akanena kuti Fanny wabweza mbale, Gillian aona mng'alu n'kuitanabe apolisi. Anafika ku Didsbury cha m'ma folo, mdima wa Januwale utayamba kale, wopanda bodza loti anene.

Anaika mtolo pamaondo pa a Holroyd. Nkhalamba ija inamasula sikafu ndi dzanja lake limodzi. Inayendetsa chala pa mng'alu, kutsika, kukwera. Kenaka inagogoda. Phu.

Gillian anayandikira n'kuweramira pa mbale ija.

"Yaonongeka," anatero Gillian. Nkhope yake inafiira. "Munaipeza kuti? Anaibisa kuti? Ayi, basi. Ndinati ikabwera bwinobwino ndisiya. Iyi ndi nkhani ya apolisi tsopano." Anatulutsa foni.

"Inali panja," anatero Asimenye. "Pachisanu."

"Panja pati?"

A Holroyd anakweza maso n'kuyang'ana Asimenye. Diso lawo linali lakuthwa ngati la mphunzitsi woti wagwira kale amene analemba pakhoma. Anayang'ana nsapato zake zonyowa, maondo a buluku lake odetsedwa ndi simenti, pakamwa pake potseka. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo.

"Ika foni pansi, Gillian. Ndinamutuma ndine."

"Mwati bwanji?"

"Ndinamuuza Edwina kuti aitulutse m'nyumba muno, akaiike panja, ndipo asauze munthu. Ndinamulumbiritsa. Iye ankakana, amaiopa. Wamva wekha kwa mayi Doyle kuti anasamba pa mpopi."

"Bambo, dzulo munakhala pompo ndikufunafuna nyumba yonse."

"Ndinaiwala."

"Munaiwala." Gillian anakhala pa mkono wa sofa. "Chifukwa chiyani munafuna kuti ituluke? Mawa lomweli imapita kwawo."

"Mwini wake amabwera," anatero a Holroyd, mawu ali phee. "Mayi wamfupi, wa tsitsi loyera. Amaima pakona apo n'kumandifunsa kuti adyere pati. Ndinatopa naye."

Asimenye anali atasamalira okalamba osokonezeka mutu mazanamazana. Ankadziwa mmene maso awo amayendera. Maso awa sankayenda. Koma Gillian sanali nesi, anali mwana wotopa amene anadikira mawu ngati amenewa zaka ziwiri. Misozi inalengeza. Anagwira dzanja lakufa la bambo ake, n'kulisisita.

"Chabwino, bambo. Chabwino. Palibe amene akuitana apolisi." Anaimirira. "Mundipepesere kwa Edwina. Ndikuimbira dokotala. Kenaka ku Stockport."

Anatuluka. Mawu ake anamveka m'khonde, ofatsa, ofunsa ngati chipinda chija chikadalipo.

"Mukudziwa chimene mwachita?" anafunsa Asimenye.

"Ndaphunzitsa ana zaka makumi atatu ndi zisanu. Ndimadziwa bodza limene anthu amakhulupirira." Anayang'ana pazenera, kumunda kwawo kwa maluwa kumene kunali kutada. "Wakuba ndani?"

"Sindinganene."

"Ndinaganiza choncho." Anamubwezera Asimenye sikafu yake. "Anthu aja akabwera mawa ndiwauza kuti mng'alu ndi wanga. Banja lathu linayamba kuiswa kalekale, ine ndangomaliza. Ipitabe kwawo. Wakufa sasankha mbale." Anapuma. "Mukamuuze Fanny kuti Lachiwiri sindimagona. Ndimangotseka maso kuti asachedwe basi. Lachiwiri lapitali lokha ndi limene tulo tinandiba zenizeni."

Asimenye anadzidzimuka pomva dzina lenileni la mtsikanayo likutuluka pakamwa pawo.

"Kalata yake ya ku Salford inagwa m'khitchini chaka chatha," anatero a Holroyd. "Kuwerenga ndimatha."

* * *

Fanny anali pampando womwe uja, tiyi wa m'mawa atazizira m'kapu. Asimenye anasamba m'manja pa sinki ya m'khitchini, ndi sopo wamba, n'kukhala moyang'anana naye.

"Apolisi sabwera. Mbale yapezeka. A Holroyd akupita ku Stockport, ndiye ntchito ya kumeneko yatha."

"Ankati akapita kumeneko akafa mwezi usanathe."

"Akudziwa."

Fanny anagwira chipsera cha pakhosi pake, monga ankachitira akamaganiza. "Inali kuti, Anti?"

"Kuseri kwa nyumba ina ku Longsight. Pansi pa ndowa."

Fanny sanafunse nyumba yake. Anangotseka maso, ndipo anakhala choncho mpaka foni yake inanjenjemera patebulo. Anaiyang'ana, n'kuikankhira kwa Asimenye.

Uthengawo unali wochokera kwa Edwina. Ejensi yapeza gogo wina ku Chorlton, kuyamba Lolemba seveni koloko. Manambala a kabokosi ka makiyi anali pansi pake, ndipo pansi penipeni panali mawu akuti Ambuye ndi wabwino nthawi zonse.

"Ndilibe dzina lina logwirira ntchito," anatero Fanny. "Ndiyankhe kuti chiyani?"

Asimenye anayang'ana sikafu yake, imene inali ikadali ndi kafumbi kachikasu m'mphepete. Anaipinda bwinobwino n'kuiika m'dirowa, m'nyumba mwake momwemo.

"Uyankhe kuti zikomo."